Mitima Iwiri ya kwa a Goma

Ana anga, mumandiseka kuti ndikafika kwanu sindiyamba n'kulonjera, ndimayamba n'kuyasamitsa adzukulu ndi kuwaunika kukhosi. Mkazi wa Dalitso anafika pondibisira tochi. Sindinakwiye, ndinagula ina. Koma popeza tsopano ndapuma pa ntchito ndipo manja alibe chochita, ndati ndilembe kumene khalidwe limeneli linachokera, kuti tsiku lina mukamadzanena kuti amayi anali ovuta, muzidzatha kunenanso chifukwa chake. Za ubwana wanga ku Katete mumazidziwa kale. Ndiyambira pamene ndinavala yunifomu.

Kambombo, chilimwe cha chaka changa choyamba pa ntchito

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ananditumiza ku Chama, ndipo anzanga anandiperekeza ku basi ngati akuperekeza maliro. Ku boma sindinagoneko n'komwe, anandikweza galimoto ya mankhwala yopita ku kakiliniki ka kudera la Kambombo. Ndinatsika nsidze zili mbuu ndi fumbi, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi ine. Chimene ndinayamba kuona ndi njinga, zambirimbiri, zotsamira mtengo wa mango. Chisenga sindinkachidziwa, ndipo Chinyanja chawo chinkandimvekera ngati Chichewa chimene chavula nsapato. Lero ndikapita kwathu abale amandiseka kuti inenso ndimati manje m'malo mwa tsopano.

Bwana wanga anali a Mulenga, kiliniko ofesala amene anthu onse ankawatchula kuti adokotala. Anali Mbemba wamtali, wowonda, wa makutu akuluakulu, ndipo tsiku loyamba lomwe anandifunsa ngati ndabwera ndi mbewa zokwanira mwezi. Ndinawayankha kuti ndamva kuti anyani a m'chigwa muno anatha chibwerereni iwo. Anaseka mpaka kugwira khoma, ndipo kuyambira pamenepo tinali pachibale, poti Abemba amatiseka ife kuti timadya mbewa, ife n'kumawaseka kuti amadya anyani. Koma pa ntchito analibe nthabwala. Lamulo lawo linali loti aliyense wolowa pakhomo, ngakhale wabwera ndi chilonda cha pachala, amumvetsere m'chifuwa ndi sitetosikopu, kachipangizo ka m'makutu kaja kamene ife tinkangokatchula kuti chomvetsera. Mwana wa zilonda zapakhosi ndiye sankatuluka msanga. Ine zinkanditopetsa, ndipo pakamwa panga mumapadziwa.

"Ba Mulenga, uyu mwana ni pakhosi chabe," ndinatero tsiku lina. "Onani mzere wafika ku mango."

"Chabe?" anatero a Mulenga. "Iwe wodya mbewa, bwera kuno."

Ananditengera panja pamene panali njinga yawo, anthu onse akuonerera. Anamasula valavu ya tayala, naika chala changa pamenepo kuti ndimve mpweya ukuthawa. Kenaka anandiphunzitsa zimene ndinalemba pa mayeso koma ndisanazimvetse. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Kumanzere, pakati pa chipinda cholandira magazi ochokera m'mapapo ndi chipinda chowapopera thupi lonse, pali valavu imene madokotala amaitcha maitiralo. Ikakhala bwino imatseguka, magazi n'kudutsa, n'kutsekanso kuti asabwerere. Ena amabadwa nayo yofooka, kwa ena imatha ndi ukalamba, koma m'chigwa muno yambiri imaonongedwa ndi khosi. Zilonda zina zapakhosi zimabwera ndi tizilombo toti tikapanda kuphedwa ndi penisilini, asilikali a m'thupi potimenya amasokonezeka n'kuyamba kumenya mwini wake. Mwana amatentha thupi, lero latupa bondo, mawa chigongono, makolo n'kumati ndi nyamakazi kapena wapondapo mankhwala. Zimatha zokha, aliyense n'kuiwala. Koma valavu ija yalumidwa, ndipo nthenda ikamabwerezabwereza imauma n'kukhwinyata, mpaka imathina kapena kumataya magazi m'mbuyo.

"Tayala ungaipope mawa," anatero a Mulenga akupopa. "Mtima wa mwana uzaupopa na chani?"

Chinanso chimene ndinatengera kwa iwo ndi ichi. Akamva phokoso lolakwika m'chifuwa cha mwana, sankalalikira. Ankavula chomvetsera n'kuchiika m'makutu mwa mayi wa mwanayo, amve kaye mtima wake womwe, kenaka amve wa mwana. Ankati munthu amakana mawu a m'kamwa mwako, koma sakana chimene wamva ndi makutu ake. Ndagwira ntchito ndi mabwana ambiri, ena a magalimoto ndi mapepala aataliatali, koma wondiphunzitsa kumva anali a Mulenga.

Chikwa, dzinja loyamba ndili woyang'anira

Patapita zaka, ndili kale pabanja ndi atate anu ndipo Dalitso akuyenda, anandisamutsira ku dera la Chikwa kuti ndikayang'anire kiliniki. Dzina la udindo linali lalikulu, koma antchito tinali ine, wothandiza mmodzi ndi mlonda. Kumeneko chaka chimagawidwa pawiri, nthawi imene galimoto imafika ndi nthawi imene sifika. Mvula ikakhazikika mitsinje imadzaza, dothi lakuda lija limagwira tayala ngati ulimbo, ndipo chimene sunasunge mu Novembala uchiiwale mpaka masika. Ndinaphunzira kudula bandeji pakati ndi kusunga mabotolo a penisilini ngati mbewu. Amayi ambiri ankaberekera kunyumba, ndipo ntchito yanga yaikulu m'zaka zimenezo inali kuwanyengerera kuti azibwera.

M'dzinja limenelo, m'mawa wina mvula itangokata, ndinaona mwamuna akukankha njinga m'matope, mathalauza atapinda mpaka m'maondo. Pakaliyala panali mkazi wapakati, atakhala chilili, atagwira chishalo ndi manja onse. Mwamunayo anali a Zimba, mlimi wa chimanga ndi mpunga. Mkaziyo anali Wezi, mwana woyamba wa a Goma, ndipo mimbayo inali yake yoyamba. Nditati agone pabedi anakana ndi mutu, chifukwa akagona mpweya unkamuthera. Miyendo inali itatupa ngati mitondo, ndipo akatsokomola m'malovu munkaoneka magazi. Apongozi ake aakazi, amene ankabwera m'mbuyo ndi kabasiketi, anati asadandaule, amenewo ndi mapasa. Ndinaika chomvetsera pansi pa bere lakumanzere, ndipo ndinamva zimene a Mulenga anandiphunzitsa, valavu yothina komanso yotaya. Mimba imachulukitsa magazi m'thupi, ndipo onsewo ankafuna kudutsa pakhomo lopapatiza, otsala n'kumabwerera m'mapapo.

"NyaGoma," ndinamuitana motero, monga amaitanira mkazi kumeneko ndi dzina la bambo ake, "muli mwana munadwalapo maondo?"

"Kawiri kapena katatu," anayankha mopumira. "Amama ananitema mphini, yanasila, napola."

Ndinamubaya mankhwala ochotsa madzi m'thupi, koma ndinadziwa kuti pano si pobereka iye. Galimoto ya ku boma inati ingafike kutsidya kwa mtsinje basi. A Zimba sanafunse kawiri. Anaitana abale awo, anamanga mpando pamitengo iwiri kuti mkaziyo anyamulidwe chokhala, ndipo tinayenda choncho, ine ndikuterereka m'mbuyo mwawo ndi chikwama cha mankhwala. Pamtsinje madzi anali m'chifuwa, ndipo amuna aja anakweza mitengo ija pamitu. Wezi ali m'mwambamo anandiyang'ana nati, "Ba Sista, lero nakhala mfumu." Ndinafuna kumukalipira kuti asunge mpweya, koma ndinaseka. Ku chipatala cha ku boma anakhalako mpaka anabereka mwana wamkazi, ndipo anamutcha Tapona.

Madokotala sanabise mawu. Anati mimba ina ikhoza kumupha. Anamuika pa njira yolera, pa mapiritsi ochotsa madzi, anamuletsa mchere wambiri, ndipo anati mwezi uliwonse azibayidwa penisilini kuti nthenda ija isabwerere kudzamaliza valavu. Za opaleshoni anati n'za ku Lusaka, adikire kuitanidwa. Jakisoni ameneyo, ana anga, si wamasewera. Ndi wolemera ngati phala ndipo amawawa mpaka mawa lake. Ndaona amuna a ndevu akuthawira pawindo. Wezi sanaphonyepo. Nthawi yolondera minda kuopa njovu, anthu onse atasamukira kumisasa, iye ankatulukira ndithu pa tsiku lake, ndipo nthawi zambiri ankabwera ndi mwana wa mnansi amene wamumva akumeza movutika. Anthu anayamba kumutchula kuti wachiwiri kwa Sista. Nawonso a Zimba ankatunga madzi ndi kutola nkhuni okha, amuna anzawo akuwaseka kuti anadyetsedwa.

Chikwa, masika, Tapona atayamba kuyankhula

Ubwino wa a Zimba womwewo ndi umene unabweretsa nkhani. Kumeneko kuli mwambo wotchedwa mbirigha. Mkamwini akakhala wa khalidwe, makamaka mkazi wake akadwala kapena akaleka kubereka, makolo a mkazi amamupatsa mng'ono wa mkaziyo kuti akhale mkazi wachiwiri. Kwathu ndinkangomva za mwambo wofanana nawo wotchedwa nthena, koma ndinali ndisanaonepo ndi maso. Anthu a kumeneko sauona ngati nkhanza. Amati ndi kuthokoza, ndiponso ndi kuteteza mwana wawo wodwalayo, chifukwa mng'ono wako sangakuchitire nsanje ngati mkazi wochokera kwina.

Tsiku lake la jakisoni, Wezi anabwera ndi mtsikana wamanyazi wovala siketi ya sukulu. Anali Taonga, mng'ono wake, amene anali atangoyamba sekondale. Wezi anatseka chitseko yekha.

"Ba Sista, adada bafuna kupereka uyu kuli ba Zimba. Abale ba ba Zimba bakamba kuti mwana mmodzi, mkazi futi, si banja. Manje ine nifuna mumumvere mu chifuwa."

"Adwala?" ndinafunsa.

"Akamba kuti sadwala. Koma pokolola mpunga namuona. Akasenza mtolo, apumulira pa mtengo wamene nenze kupumulirapo ine. Mainza yapita, nthawi ya mvula, anavimba maondo, amama bamutema mphini."

Ine amene ndinali ndi chomvetsera pakhosi sindinamuonepo mtsikanayo, chifukwa sanabwerepo. Mkulu wake anamupima ndi mtengo wa panjira. Ndinamugoneka Taonga cham'mbali n'kumvetsera, ndipo phokoso linalipo, lofuula bwinobwino, fuu, fuu, pa kugunda kulikonse. Sizinandidabwitse. Ana ogona mphasa imodzi amapatsirana chifuwa ndi khosi lomwe. Valavu yake inali isanathine ngati ya Wezi, koma inkataya, ndipo nthenda inali itangodutsa kumene. Ameneyu anali wofunika penisilini mwezi womwewo, kupuma, ndi kukaunikidwa mtima ndi makina. Mimba pa msinkhu umenewo, ndi mtima umenewo, kuseri kwa mitsinje imene ndinawoloka ndi mkulu wake, kunali kuponya moyo wake pa njuga.

Nditawafotokozera, Taonga anagwada n'kundigwira mwendo. Ndinkayesa apempha kuti ndimupulumutse ku ukwati. Ayi.

"Ba Sista, musabauze adada. Nikapanda kuyenda ine, bazaleta mkazi wa kwina. Azabavutisa ba Wezi. Ndani azabatapira madzi? Ndani azasamba Tapona?"

"Nyamuka iwe," anatero Wezi. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Pa Sondo bakumana kwa adada. Ine nikakamba bazati ni nsanje. Mubwere na ka chinthu kanu ako."

Ndinagwirapo ntchito zovuta, koma sabata imeneyo ndiyo inandiwonditsa. Chinsinsi cha wodwala ndi lamulo limene tinalumbira, ndipo wodwalayo anali atandigwira mwendo kuti ndisanene. Komanso ndinali mlendo, Mchewa wobwera ndi galimoto ya boma, wokalowerera ukwati wa eni. Amayi aja ndinawanyengerera zaka kuti aziberekera ku kiliniki akanatha kuletsedwa ndi amuna awo tsiku limodzi. Atate anu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pafupi, anandiuza modekha monga mwa nthawi zonse kuti, "Amake Dalitso, kwa eni uyenda umaweteka. Ife tidzasamuka, anthuwa adzatsala." Ndinawakalipira kwambiri, makamaka chifukwa ankanena zoona. Koma ndikatseka maso ndinkaona mpando uja uli pamitu ya anthu pakati pa mtsinje, ndipo ndinkadziwa kuti mwayi wotero subwera kawiri pakhomo limodzi.

Loweruka ndinamuitanitsa Taonga ndi kumuuza pamaso. Ndinati iye ndi mwana, jakisoni wa mwezi ndi mwezi sangayambe makolo ake osadziwa, ndipo ndipita. Ndinamulonjeza chinthu chimodzi, kuti za ukwati sinditchulako, ndikanena za mtima basi. Anatuluka osatsazika.

Kwa a Goma, Lamulungu masana

Ndinafika pa njinga anthu atachoka kutchalitchi. Anali atakhala pansi pa mtengo wa bwemba, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ndinkayembekezera kupeza nkhalamba yaukali kuti ndipeze poyambira, koma a Goma anali munthu wofatsa, wa mawu apansipansi, ndipo anandipatsa mpando wawo womwe. Kumbali ya a Zimba kunali azakhali awo, mayi wonenepa amene anandiyang'ana kuyambira kunsapato. A Goma anayamba ndi pemphero, kenaka anayankhula mosakaniza Chisenga ndi Chinyanja kuti nanenso ndimve. Anati mkamwini wawo anasenza mwana wawo pamutu kuwoloka naye mtsinje, watunga madzi anthu akumuseka, ndipo iwo alibe ng'ombe yomuthokozera. Anati akufuna akadzamwalira adzasiye Wezi m'manja mwa magazi ake. Kunena zoona, mawu awo anandikhudza, ndipo ndinaona kuti bamboyu akuchita zimenezi chifukwa chokonda ana ake onse awiri.

Atandipatsa mpata ndinanena mwachidule. Ndinati Taonga ali ndi nthenda ya mkulu wake, ikadali poyambira, kukula kwake sindingakudziwe popanda makina, koma mimba panopa ikhoza kumufikitsa pamene panafika Wezi kapena kupitirira.

"Mwana wonenepa so?" anatero azakhali aja. "Ba Sista, mwatumiwa."

Yankho laukali linali kale pa lilime. Koma ndinakumbukira makutu a a Mulenga. Ndinavula chomvetsera n'kupita kwa a Zimba.

"Ba Zimba, vakani ivi mu matu. Muyambe kumvera mtima wanu."

Anamvetsera, namwetulira pang'ono ngati mwana, poti anali asanaumvepo. Ndinawauza kuti ausunge m'mutu. Kenaka ndinaika pachifuwa cha Wezi. Kumwetulira kuja kunatha. Anati phokoso limenelo akulidziwa, amalimva akatsamira mkazi wawo. Ndiye ndinaitana Taonga. Anabwera akuyang'ana pansi, ndipo ndinaika chomvetsera pamwamba pa bulauzi. A Zimba anamvetsera nthawi yaitali. Anachotsa, napukuta makutu ndi chala, nabwezeranso. Kenaka anavula n'kupereka kwa apongozi awo ndi manja awiri. A Goma anamvetsera ana awo onse awiri, wamkulu kenaka wamng'ono. Mayi awo a atsikanawo anayamba kulira chamumtima, akuyang'ana zipsera za mphini pa maondo a Taonga. Ndinawauza kuti mphini sizinabweretse nthendayi ndipo palibe anawauzapo za khosi.

Azakhali aja sanafune kumvetsera. Anati ngati zili choncho palibe mlandu, akazi sanathe m'dziko, mwana wa mlongo wawo akamufunira kwina. Apa ndi pamene a Goma anatembenukira kwa Wezi.

"Mwana wane, wamva? Ndiwe waleta ba Sista. Manje azabwera mlendo mu nyumba yako. Tsiku lamene uzakangiwa kunyamuka, ndani azakutapira madzi?"

Wezi anali atakhala chowongoka monga ankakhalira nthawi zonse kuti apeze mpweya. Sanakweze mawu.

"Adada, mkazi munzanga ningamupirire. Manda ya Taonga siningayapirire."

Kenaka a Zimba anati, "Mwana abwerere ku sukulu," ndipo ananyamuka kukaimika njinga yanga imene inali itagwa. Ine ndaonapo anthu olimba mtima m'zipinda zoberekera, koma sindinaonepo munthu akudzichotsera yekha denga pamutu ali maso ngati mmene anachitira mkazi ameneyu. Ankadziwa bwino lomwe chimene chikubwera.

Chikwa ndi Chifunda, zaka zotsatira

Chinabweradi. Kwa miyezi ingapo dzina langa linali Sista wothetsa maukwati, ndipo mabenchi a sikelo anachepa anthu. Amene anawabweza ndi Wezi yemweyo, poyenda khomo ndi khomo pang'onopang'ono, akupumira m'njira. A Zimba analimbana ndi abale awo nyengo ziwiri zokolola, kenaka anagonja n'kukwatira mkazi wa mudzi wina. Mkaziyo sanali woipa, koma sanali mbale. Anabereka anyamata motsatizana, ndipo Wezi ndi Tapona anasamukira m'kanyumba kakang'ono kumbuyo. Ine ndinawakwiyira a Zimba mpaka kuleka kuwayankha moni. Wezi ndiye anandidzudzula ali chigonere pabedi la jakisoni. "Ba Sista, muja mu mumana, powoloka madzi, munali imwe pansi pa mpando? Balekeni." Ndinachita manyazi, ndipo mawa lake ndinawalonjera.

Taonga ankabwera mwezi uliwonse ndi mkulu wake. Ankagona n'kuyang'ana kukhoma, ndimubaye, adzuke, azipita, osandiyankhula. Zinandiwawa, koma bola ankabwera. Galimoto zitayamba kuyenda anapita kukaunikidwa, ndipo madokotala anati valavu ikutaya koma yagwidwa nthawi yabwino, asaphonye jakisoni mpaka atakula ndithu. Dzinja lililonse ndisanatsekeredwe ndi mvula ndinkayamba kuwerengera mabotolo a ana a Goma, kenaka zina zonse. Nkhaniyi ndinakawafotokozera a Mulenga atapuma kale pa ntchito. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Waona, nzeru za bakudya bakolwe." Ankanena za iwo eni, Abemba odya anyani. Anamwalira chaka chotsatira, ndipo ndinalira ngati ndataya malume.

Atandisamutsira ku Chifunda nkhani zinkandipeza ndi anthu a pa njinga. Ndinamva kuti Taonga wakhoza mayeso, kenaka kuti wapita ku koleji ya uphunzitsi. Ndinamvanso kuti Wezi wafooka, mtima wayamba kugunda mosalongosoka, sangathenso kusesa pakhomo. Ndinkangoyembekezera uthenga wa maliro. M'malo mwake ndinamva kuti kuitana kwa ku Lusaka kuja kwafika, patatha zaka zambiri chidikirire, ndipo a Zimba amuperekeza. Valavu yake inali itaonongeka moti sakanatha kuikonza, choncho anaichotsa n'kuikamo yachitsulo. Valavu yachitsulo imakhalitsa, koma ili ndi malamulo ake. Munthu amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana moyo wake wonse, ndipo magaziwo ayenera kupimidwa pafupipafupi, chifukwa mankhwala akachepa valavu imatsekeka, akachuluka kachilonda kakang'ono sikaleka kutuluka magazi. Za mphini ndiye aiwaliretu. Zimenezi zinatanthauza kuti Wezi sangakhalenso kuseri kwa mitsinje yodzaza. Anachira, koma kumudzi kwa mwamuna wake kunali kutamuthera.

Chama boma, mwezi umene ndinapuma pa ntchito

Ndikutsazika ku ofesi, katundu ali kale pa lole yopita ku Katete, mayi wina wovala bwino anandiimitsa pamsika. Sindinamuzindikire mpaka atanena kuti, "Ba Sista, simunibaya lero?" Anali Taonga, mphunzitsi pa sukulu ina ya pa boma pomwepo. Aka kanali koyamba kundiyankhula chiyambire tsiku lija anandigwira mwendo. Anali ndi mwamuna wodzisankhira yekha ndi mwana mmodzi, amene anaberekera ku chipatala madokotala akumuyang'anira kuyambira mwezi woyamba. Anandigwira dzanja ngati wandigwira ndikuba, nati sindikwera lole ndisanafike kwake.

Pakhonde la nyumba ya aphunzitsi panali Wezi, imvi zitayamba, akusankha mpunga m'lichero. Tapona, mtsikana wamkulu tsopano, anali kusukulu. Tinakumbatirana, ndipo ndili pachifuwa chake ndinamva kanthu kakugunda ngati wotchi ya pakhoma, thi, thi, thi. Ndinapisa dzanja m'chikwama mwachizolowezi.

"Sungani ka chinthu kanu," anatero akuseka. "Manje aliyense amvera mahala."

Tinakamba za a Goma, amene anali atamwalira, ndi za a Zimba, amene amabwera ndi thumba la mpunga akakolola. Sanadandaule za kanyumba kakumbuyo kaja ngakhale kamodzi, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinalephera kumuuza mmene ndimamulemekezera. Ndikulemba pano kuti inu mudziwe. Tsiku limenelo m'mipope munalibe madzi, monga zimachitikira pa boma. Tili mkati mocheza ndinaona Taonga akuchokera ku mjigo, atavula nsapato za kuntchito, chidebe chili pamutu, akuyenda osapumira paliponse. Anatula pafupi ndi mkulu wake, natunga m'kapu, namupatsa pamodzi ndi piritsi la tsikulo.

Wezi anamwa, napukuta pakamwa, n'kundikodola ndi chigongono.

"Ba Sista, mukumbukira funso ya adada, ija ya madzi?"

Ndinati ndikukumbukira.

"Nenze nilibe yankho tsiku ija," anatero, akubweza kapu kwa mng'ono wake.